Wodi Yopanda Agadiyani

Anthu akandifunsa kuti ndinabwerera chiyani kuchokera ku Mangalande, ndimangoti kuzizira. Aliyense amalilandira yankho limeneli, ena mpaka kuseka nkumati, "Eetu, mwana wa kunyanja ameneyo." Kunkazizira ndithu, sindikunama. Koma kuzizira munthu amangovalira jekete.

Ndisanapite ndinali namwino komanso mzamba pa kachipatala kena ka m'mbali mwa nyanja, kufupi ndi kwathu ku Nkope. Dzina ndinali namwino, koma ntchito ndinali zonse. Adokotala athu ankapezeka kwambiri kumisonkhano ya ku boma kuposa pachipatala. Msodzi akabwera ndi mbedza m'chala, woichotsa ndine, wosoka ndine. Mwana akabwera akukomoka ndi malungo, diripi ndine. Anthu ankanditchula kuti adokotala, ine nkumayankha ndithu, nanga ndikanatani.

Chaka china mvula itangoyamba kunagwa kolera m'madoko. Anatimangira tenti kuseri kwa chipatala, ndipo ndinakhala m'menemo masabata angapo, ine ndi Abiti Mdoka, mayi wokolopa amene anayamba ntchito pamalopo ine ndili kusukulu. Majombo amene anatitumizira anali a mwendo wamanzere okhaokha. Mankhwala othira pansi anadya nsapato zanga zoyera mpaka zinayasama, ndiye ndinkangovala mapatapata. Matenda atatha kunabwera akuluakulu ndi galimoto kuchokera ku boma. Anathokoza amene anapereka ndowa, anathokoza amene anapereka tenti, najambulitsa patsogolo pa tentiyo. Kenako mayi mmodzi mwa iwo anandiyang'ana kumapazi.

"Anesi, zimenezi ndi nsapato za yunifolomu?"

Mawu amene ndinalandira pa kolera yonse ndi amenewo. Sindinakwiye pomwepo, mkwiyo unabwera ndikuchapa ndowa. Tsiku lomwelo ndinatsimikiza mtima kuti ndichoka.

Amayi sanandiletse. Anangofunsa ngati kumeneko ndikapeze poswalira, poti kwathu ndife Asilamu. Achimwene anga, omwe nthawi imeneyo ankagulitsa usipa wouma, ndi amene anakondwa koposa. Anandisenzera chikwama mpaka pa depoti, akuuza aliyense wofunsa ndi wosafunsa kuti mlongo wawo akupita kukachiza azungu.

Nditafika ku Mangalande anandiika m'nyumba ya anamwino kuseri kwa chipatala chachikulu, m'tauni ina ya mphepo ndi mvula yosatha. Chipinda changa chinali choti ukatambasula manja wakhudza makoma onse. Khitchini inali imodzi ya tonse, Afilipino, Amwenye, Aghana ndi ena. Sabata yoyamba ndinakazinga usipa umene amayi anandimangira m'chitenje, ndipo belu lamoto linalira nyumba yonse. Anthu anatuluka panja ena atavala mataulo. M'kati mwa chipwirikiticho mayi wina wonenepa anabwera molunjika kwa ine akununkhiza m'mwamba.

"Iwe! Ndiwe wa ku Malawi iwe. Fungo ili ndalidziwa. Watsala wina?"

Amenewo anali amake Daliso, namwino wa ku Chipata, amene anali atakhalako kale zaka. Kuyambira tsiku limenelo tinali mphuno ndi mamina. Iwo anali Mkhristu wa kwaya, ine Msilamu, koma mwezi wa Ramadhani, pamene dzuwa la kumeneko limakana kulowa, ndi iwo ankandisungira tiyi ndi mpunga, akunditukwana kuti ndidzagwera pa odwala.

Ndi iwonso anandimasulira nkhani imene a ofesi anandiuza mozungulira. Mapepala anga akwathu anali abwino, koma ndinayenera kuyamba ndagwira ntchito pansi pa ena mpaka asisita aakulu a wodi atakhutira nane nkundivomereza. Pasanafike pamenepo, singano ayi, mankhwala ayi, ngakhale panado. Yunifolomu yanganso inali ya mtundu wina, kuti aliyense adziwe. Asisitawo akanakana, ndiye kuti unamwino wanga kumeneko watha, ndipo chilolezo chokhalira m'dzikomo chinali chomangiriridwa ku ntchito yomweyo.

"Ungofatsa mpaka akuvomereze," anatero amake Daliso. "Kwa eni kulibe mkuwe."

Koma abale, azungu ndi zikomo! Ukawatsegulira chitseko, zikomo. Ukabweretsa madzi, zikomo kwambiri. Ukawaponda phazi, opepesa ndi iwo. Asisita aakulu a wodi yathu, a Morini, poweruka ankathokoza aliyense pomutchula dzina. Masabata oyamba ndinaledzera nazo. Ndinkafika kuchipinda nkumamwetulira ndekha, ine amene ndinachokera kofunsidwa za nsapato. Kenako ndinaona kuti zikomo wa kumeneko amaperekedwa chimodzimodzi kwa amene wapulumutsa munthu ndi kwa amene wasuntha mpando. Wodwala akamalira mutu, ine ndinkapita kukasaka wa yunifolomu yovomerezeka, iye nkubwera ndi panado, nkundiuza kuti zikomo pondiitana.

Chimene chinandidabwitsa kwambiri si makina kapena magetsi osazima. Chinali chakuti m'wodi munalibe gadiyani ngakhale mmodzi. Kwathu munthu sagonekedwa yekha m'chipatala. Amabwera ndi wake womudikirira, mayi ake, mchemwali wake, mpongozi wake, amene amayala mkeka pansi pa bedi, kumuphikira phala, kumusambitsa, kumutembenuza, kumuchapira. Namwino wake ndi mankhwala ndi mabala. Palibe amene analemba zimenezi paliponse, zimangodziwika. Kumeneko wodi yathu inali ya okalamba, ndipo ana awo ankabwera masana ndi maluwa ndi mphesa, nkukhala pampando jekete osavula. Tikafika ndi beseni nkukoka katani, iwo ankadzuka nkukaima panja. Kusambitsa munthu sindinkanyansidwa nako, ndi ntchito. Koma ndinkawachitira manyazi anawo, kuti mayi wako akuvulidwa ndi mlendo iwe uli pakhomo ukuwerenga zapakhoma.

Panali wodwala wina, Mayi Bete, amene anafa ziwalo mbali imodzi ndipo sankalankhula. Mwana wawo, Suzana, mayi wa imvi kale, anali wosiyana ndi enawo. Ankabwera tsiku lililonse, m'mawa ndithu, nkukhala pambali pa bedi manja ali pamiyendo. M'mutu mwanga ndinali nditamuika kale pamalo pake: uyu ndiye gadiyani.

M'mawa wina tinachepa, anzathu awiri anadwala. Ndinafika ndi beseni la madzi ofunda pabedi la Mayi Bete, ndipo Suzana anadzuka kuti atuluke monga mwa masiku onse. Ine ndinangomupatsa besenilo m'manja, ndi kansalu ndi sopo.

"Yambirani kumaso, kenako manja. Madzi akazizira mundiuze. Ndikuthandiza wapabedi linalo, ndikubwera."

Ndinakoka katani nkupita. Wallahi, sindinaganizepo kawiri. Kwathu mawu amenewo ndinkawanena kambirimbiri dzuwa lisanafike pamutu.

Nditabwerako ndinapeza wawasambitsa kumaso ndi mkono umodzi, kenako waima. Manja a juzi lake anali atanyowa mpaka m'zigongono, misozi ikutsika, atagwira dzanja lakufa lija la mayi ake. Sindinamufunse kanthu, kulira pabedi la mayi ako si nkhani. Tinamaliza limodzi. Ndinamuonetsa pogwira potembenuza munthu, ndi kupaka mafuta kuzidendene kuti zisachite zilonda. Ndinachoka ndikuti mumtima, ameneyu aphunzira msanga.

Masana a Morini anandiitana ku ofesi. Namwino wina anali ataona. Anandithirira tiyi, akumwetulira monga mwa nthawi zonse.

"Ndamva kuti unasiya wodwala m'manja mwa mlendo."

"Si mlendo, asisita. Ndi mwana wawo."

"M'wodi muno ndi mlendo. Mayi aja akanagwa pabedi, akanayankha ndani?"

"Kwathu ndi mmene timachitira. Wodwala aliyense amakhala ndi wake."

"Ndikumvetsa," anatero mofatsa. "Koma kuno si kwanu."

Anandiuza kuti anali atakonzeka kundivomereza mwezi womwewo, koma tsopano ayamba adikira. Ndipo banjalo likadandaula, nkhaniyo ichoka m'manja mwawo nkupita kumwamba, komwe sangandilonjeze kanthu. Potuluka anandithokoza chifukwa chomvetsera.

Ndinachita mantha, ndisabise. Ndinaona ndikutsika basi pa Mangochi ndi chikwama chomwe chija, anthu a pa depoti akufunsa kuti azungu aja achira kale.

Amake Daliso atamva anakhala pansi m'khitchini nkuseka mpaka kutsokomola.

"Mayo ine! Wapatsa mzungu beseni! Unatsala kumuuza kuti akatole nkhuni aphike phala!"

Atapukuta misozi anasiya kuseka. Anati mawa ndisakayandikire bedi limenelo, ndikaona mayiyo ndikalowe m'chimbudzi.

Sindinachite kubisala. M'mawa mwake Suzana anafika ndi chikwama, m'kati muli thaulo lake ndi sopo wonunkhira amene mayi ake ankamukonda, nkufunsa pa tebulo la anamwino kuti namwino wa mpango kumutu uja ali kuti. A Morini anasowa pogwira. Kumukaniza sakanatha, nanga ndi mwini mayi. Anagamula kuti zitheke, koma pazikhala namwino wovomerezeka woyang'anira. Ndiye kuseri kwa katani tinkakhala atatu: Suzana akusambitsa, ine ndikumuonetsa, ndi kamtsikana kongotuluka kumene kusukulu kataima kumiyendo kwa bedi kakuyang'anira ine. Kanali kamwana kabwino, kankachita manyazi nkumayang'ana kudenga. Tinachita choncho mpaka Mayi Bete anamwalira.

Maliro atatha Suzana anabweranso, osati kuwodi koma kwa akuluakulu a chipatala. Ndinamva kuti anawauza kuti chiyambire utsikana wake anali asanakhudzepo thupi la mayi ake kupitirira kupsompsona patsaya, ndipo masabata amenewo ndi amene adzawakumbukire. Basi, nkhani inatembenuka. Anandisankha kukhala namwino wa mwezi. Kunali keke, kunali maluwa, anthu anaomba m'manja, wojambula nkundiuza kuti ndikonze mpango ndi kumwetulira. Chithunzi changa anachipachika m'khonde lalikulu, pamene aliyense wolowa m'chipatala ankadutsa.

Ndinakondwa, nanga ndine mtengo? Ndinatumiza chithunzicho kwathu, achimwene nkuchizungulitsa msika wonse. Sabata yomweyo ndinagogoda pa ofesi ya a Morini.

"Asisita, ndiye nkhani yondivomereza ija?"

"Aa, imeneyo ndi ina," anatero. "Mtima uli nawo wabwino, tonse taona. Chimene tikufuna kuona ndi chakuti umayamba wafunsa usanachite kanthu."

Tsiku lililonse ndinkadutsa pansi pa chithunzi changa, chikundimwetulira, popita kukasaka munthu woti apereke panado.

Ndiye ndinaphunzira kufunsa. Ine chinthu ndikachigwira ndimachigwiritsa. Ndinkafunsa ndisanakweze pilo, ndinkafunsa ndisanatsegule zenera. Bala ndikaliona kuti likufuna chakuti, ndinkatseka pakamwa nkukaitana wina kuti adzanene zomwe ndikudziwa kale. A Morini anakhutira. Anandivomereza, ndinasintha yunifolomu, amake Daliso anaphika nkhuku yogula kwa Asilamu kuti nanenso ndidye. Koma kufunsa kuja sikunathere pamenepo. Ngakhale wovomerezeka, ichi mpaka adokotala anene, icho mpaka mnzako aone nawo. Sindikuti malamulo awo ndi opusa. Ali ndi zifukwa zake, ndipo kumeneko sindinaonepo munthu akufa chifukwa chosowa magolovesi. Ndikungonena zimene zinachitika kwa ine. Ndinkaweruka miyendo itatopa, mutu usanagwire ntchito iliyonse. Ankandithokoza pakhomo, ine osadziwa kuti akuthokoza chiyani.

Zaka zinapita. Nyumba ya amayi inafoleredwa malata, achimwene anagula boti la injini. Mafoni akwathu ankayamba ndi salamu nkuthera pa zosowa. Amake Daliso anapeza ntchito kudziko lina lakutali kwambiri, ndinawaperekeza kusiteshoni ya sitima tikutukwanana kuti tisalire. Khitchini ija inakhala ya anthu achilendo. Kenako amayi anayamba kutupa miyendo, ndipo ndinapeza chifukwa chouza anthu a kumeneko kuti ndikubwerera kwathu.

Achimwene anadzandichingamira pa galimoto yobwereka, atatuluka mimba, ali ndi mkazi wachiwiri amene ndinali ndisanamuonepo. Chikwama ananyamula ndi woyendetsa.

"Holide yake ndi yaitali bwanji?" anafunsa tili m'njira.

"Si holide, achimwene. Ndabwereratu."

Anakweza wailesi ya m'galimoto, nkuisiya ikulira mpaka tinadutsa Makokola. Titafika, ana a m'banjamo ankandizungulira patali, akunong'onezana kuti anti a ku Mangalande. Amayi okha ndi amene anandikoka nkundikhazika pamkeka, nandiyang'ana nthawi yaitali.

"Wanenepa," anatero. "Koma maso ako afatsa. Sunali chonchi iwe."

Nditapempha ntchito, ananditumiza ku kachipatala komwe kaja, poti palibe amene ankakafuna. Utoto unali wina, adokotala anali ena, koma nawonso anali ku msonkhano. Abiti Mdoka ndinawapeza akukolopa khonde, msana utapindika. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwabwera? Pondani m'mbali, pamenepo ndakolopa."

Masiku oyamba anali a sikelo ya ana ndi malungo, zinthu zoyenda zokha. Kenako tsiku lina dzuwa lili pamutu kunalowa njinga yamoto mpaka pakhonde. Pakati pa woyendetsa ndi mayi wina wachikulire panali mtsikana wochokera kudoko, mutu uli lende. Anachirira kunyumba m'mawa, mwana anali bwino kumsana kwa mayi wachikulireyo, omwe anali apongozi ake, koma magazi anakana kuleka. Chitenje chinali chitamatirira m'miyendo. Tinamugoneka pabedi, ine ndi Abiti Mdoka. Milomo inali yotuwa, manja ozizira. Ambulansi, ngakhale ikanakhala ndi mafuta, inali ku boma.

Ndinavala magolovesi. Ndinaona zonse, ndipo chochita ndinkachidziwa kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Koma ndinapezeka ndangoima, manja ali m'mwamba, maso ali kuchitseko. Sindikudziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji. Magazi ankadontha pasimenti ine ndikumva.

"Anesi," anatero Abiti Mdoka, osakweza mawu. "Mukudikira ndani? Kulibe wina akubwera. Ndinu nomwe."

Ndinadzidzimuka ngati andithira madzi. Ndinang'amba chitenje ndi sizasi, ndinabaya jakisoni woletsa magazi pantchafu, dzanja limodzi likusisita mimba mwamphamvu kuti chiberekero chilimbe. Mtsempha unali utathawa, ndinaupeza. Abiti Mdoka ananyamula diripi m'mwamba poti choikapo chinali chothyoka, ndinawauza kuti afinye, anafinya. Ndinatulutsa zotsalira zimene zinkaletsa chiberekero kutseka. Ndinkalamula mokuwa, mawu amene ndinali nditawaiwala kuti ndili nawo. Pang'ono ndi pang'ono pansi pa dzanja langa panayamba kulimba, magazi nkuchepa, nkuleka. Mtsikanayo anatsegula maso nkufunsa kuti mwana ali kuti.

Apongozi aja anabwera ndikusamba m'manja. Ananyamula chitenje chija ndi zala ziwiri.

"Anesi, chitenjechi chinali chatsopano. Munalephera kungomasula?"

Ndinapepesa. Kenako ndinatuluka kuseri nkukhala pa sitepe. Ndinali ndi mantha ndi zimene zikanachitika ndikanaimabe pamenepo, ndinali ndi manyazi, komanso ndinali wokondwa kuposa tsiku lina lililonse m'zaka zonse zija. Zonsezo pamodzi.

Abiti Mdoka anatulukira ndi ndowa ya madzi ofiira, nakaikhuthula m'dzenje. Pobwerera anaima patsogolo panga.

"Manja mukadali nawo," anatero. "Mutu ndi umene anakubwerekani pang'ono. Ubwerera."

M'moyo wanga wonse wa unamwino palibe amene anandiuzapo mawu oposa amenewo, ndipo ndinalira pomwepo ngati mwana. Iwo anandisiya ndilire pang'ono, kenako anandigunda phazi ndi chokolopera.

"Dzukani tsopano. Kutsogoloku anthu ayamba kudandaula."